Malikisi 1430 pa SAT: kodi mwanayu alembenso mayesowa?

Funso

Ndine mayi wa ku Zomba. Mwana wanga wamkazi anakhoza mayeso a MSCE chaka chatha ndi mapointsi 8, ndipo mtima wake uli pa kukaphunzira uinjiniya ku America. Mu Juni analemba mayeso a SAT, amene mayunivesite a kumeneko amagwiritsa ntchito posankha ophunzira, ndipo anapeza malikisi 1430, omwe ndi 760 pa masamu ndi 670 pa gawo la kuwerenga ndi kulemba Chingerezi. Iye akuti malikisi amenewa ndi ochepa ku mayunivesite amene akuwafuna, monga MIT, Dartmouth ndi Brown, choncho akufuna kulembanso mu Okutobala. Amalume ake, amene analipira ulendo woyamba, akuti kumeneko n'kutaya ndalama chifukwa mwanayo anakhoza kale. Ife fizi ya kunjako sitingaikwanitse, tikudalira kuti yunivesite imuthandize. Kodi alembenso, kapena tingotumiza zomwe ali nazozi?

Yankho

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Mwachita bwino kulemba malikisi a magawo awiriwa lililonse palokha, pakuti yankho lagona pamenepo kuposa pa chiwerengero cha 1430. Maganizo anga ndi akuti mwanayu alembenso kamodzi kokha, mu Okutobala, koma ndalama yolembetsera isatuluke m'thumba la amalume ake iye asanaonetse, pa mayeso oyeserera, kuti gawo la Chingerezi lakweradi. Likapanda kukwera, atumize zomwe ali nazo ndipo mphamvu zake zipite ku ntchito zina zimene zikumudikira. Pofotokoza chifukwa chake muona kuti mwanayo ndi amalume ake, aliyense ali ndi mbali imene akunena zoona.

Mawu akuti anakhoza kale ndi ofunika kuwaunika. Ife tinazolowera mayeso a MANEB, amene amakhala ndi okhoza ndi olephera, ndipo pa MSCE katswiri ndi amene wapeza mapointsi ochepa. SAT siyenda choncho. Ndi mayeso a bungwe la College Board, malikisi ake amayambira pa 400 kulekeza pa 1600, gawo lililonse limapereka malikisi 200 mpaka 800, ndipo palibe mzere umene unajambulidwa kuti wodutsa apa wakhoza. Malikisi 1430 ndi apamwamba ndithu, moti mwa anthu 100 olemba mayesowa, owapitirira sakwana khumi. Amalume ake sakulakwitsa kunyadira. Koma chimene chimagwira ntchito ndi mmene malikisiwo amaonekera akaikidwa pambali pa malikisi a anthu amene yunivesite inayake imawatenga chaka ndi chaka.

Zimenezi si zachinsinsi. Mayunivesite ambiri a ku America amasindikiza chikalata chotchedwa Common Data Set, chimene aliyense angachipeze pa intaneti kwaulere, ndipo pa gawo lolembedwa C9 pamakhala malikisi a SAT a ophunzira amene analowa chaka chimenecho. Nambala ya m'munsi imasonyeza kuti mwa ophunzira anayi alionse, mmodzi anali ndi malikisi amenewo kapena ocheperapo, pomwe nambala ya pamwamba imasonyeza kuti mmodzi mwa anayi anali pamenepo kapena kupitirira. Theka la kalasi limakhala pakati pa manambala awiriwo. Ku MIT, theka limeneli pa masamu limakhala pakati pa 780 ndi 800, ndipo pa Chingerezi nambala ya m'munsi imakhala cha m'ma 730 kapena 740. Ku Dartmouth ndi ku Brown, malikisi onse pamodzi nambala ya m'munsi yakhala ikuzungulira pa 1500. Mukaika malikisi a mwana wanu pamenepo, muona kuti pa masamu akuperewera pang'ono zedi, mwina funso limodzi kapena awiri, koma pa Chingerezi pali mpata wa malikisi 60 kapena 70. Mpata umenewu ndiye chifukwa chokhacho chomveka cholemberanso mayesowa. Akanakhala ndi 1430 yogawika pafupifupi mofanana, ndikanakayika kwambiri, chifukwa kukweza magawo awiri nthawi imodzi m'miyezi iwiri sikuchitika kawirikawiri.

Manambala amenewa asakuopseni kupitirira muyeso. M'nthawi ya mliri wa Covid-19, kuyambira mu 2020, mayunivesite ambiri anasiya kukakamiza ofunsira malo kutumiza malikisi a SAT, ndipo zotsatira zake zinali zakuti otumiza anali makamaka amene anapeza malikisi okwera, motero manambala osindikizidwa a zaka zimenezo anakwera kuposa mmene kalasi yonse inalili. MIT inabwezeretsa lamulo lofuna malikisi mu 2022. Dartmouth inatsatira mu Febuluwale 2024, kenaka Yale, Brown, Harvard ndi Caltech m'masabata otsatira a chaka chomwecho. Chifukwa chimene Dartmouth inapereka n'chokhudza kwambiri mwana wanu. Aphunzitsi ake ataunika mafayilo a ofunsira malo anapeza kuti ana ambiri ochokera m'mabanja osauka ndi m'masukulu opanda zipangizo ankabisa malikisi a cha m'ma 1400 poganiza kuti ndi ochititsa manyazi, chikhalirecho malikisi amenewo, poganizira kumene anawo anachokera, akanawathandiza kutengedwa. Akuluakulu osankha ophunzira amawerenga malikisi akuyang'ananso sukulu imene mwana anaphunzira, chilankhulo cha kunyumba kwake ndi mwayi umene anali nawo. Malikisi 1430 a mwana wa ku sekondale ya boma ku Zomba salemera mofanana ndi 1430 ya mwana wa ku Boston amene makolo ake amulipirira mphunzitsi wapadera kwa zaka ziwiri.

Komabe ndisakubisireni mbali inayo. Fayilo ya mwana wanu imawerengedwa ndi munthu amene akuwerenganso mafayilo ochokera ku Kenya, Nigeria, Ghana, Ethiopia ndi Zimbabwe, ndipo pakati pa ana amenewo pali ambiri a m'mabanja ovutika amene anafika pa 1500. Wowerengayo akaona 670 pa Chingerezi amakhala ndi funso limodzi m'mutu, lakuti kodi mwanayu adzakwanitsa kuwerenga masamba mazana pa sabata ndi kulemba zimangirizo zazitali m'chilankhulo chimene si chake. Ngakhale ku MIT, kumene anthu amaganiza kuti ndi masamu okhaokha, wophunzira aliyense amayenera kutenga maphunziro asanu ndi atatu a zachikhalidwe, zaluso ndi za kakhalidwe ka anthu asanalandire digiri. Malikisi 720 kapena 730 amachotsa funso limenelo m'mutu mwa wowerenga, ndipo iye amapita msanga ku zinthu zina zimene zili m'fayilo. Ntchito ya malikisi imathera pomwepo. Satengetsa munthu malo, amangochititsa kuti fayilo yake iwerengedwe popanda chikayiko.

Pali dongosolo lina limene limachepetsa kuopsa kolembanso, ndipo amalume ake ayenera kulidziwa. Mayunivesite ambiri, MIT ili m'gulu lomwelo, amatenga malikisi apamwamba a gawo lililonse ngakhale atachokera pa masiku osiyana, n'kuwaphatikiza. Amatcha zimenezi superscore. Tiyerekeze kuti mu Okutobala mwana wanu wapeza 730 pa masamu ndi 720 pa Chingerezi. Tsiku limenelo malikisi ake ndi 1450, amene akuoneka ngati sanasunthe kwenikweni, koma yunivesite yotsatira dongosololi idzatenga 760 ya mu Juni ndi 720 ya mu Okutobala, n'kuwerenga 1480. Tanthauzo lake ndi lakuti 760 ija yasungidwa kale, ndipo pafupifupi nthawi yake yonse yokonzekera angaipereke ku Chingerezi, masamu n'kumangowatenthetsa kamodzi kapena kawiri pa sabata kuti dzanja lisazizire. College Board imalolanso wolemba kusankha masiku amene malikisi ake atumizidwe, mwa njira yotchedwa Score Choice. Si onse amene amavomereza zimenezi. Georgetown, mwachitsanzo, imafuna kuona malikisi a ulendo uliwonse umene munthu analemba, n'chifukwa chake ndimauza ana kuti asalowe m'chipinda cha mayeso enieni ndi maganizo ongokayesa mwayi, kapena kulekerera gawo limodzi dala.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti malikisi a SAT amagwedezeka okha. Lipoti limene mwana wanu analandira likusonyeza, kupatula nambala yeniyeniyo, malire a m'munsi ndi a pamwamba amene akanatha kupeza akanalemba mayeso ena ofanana nawo tsiku lina, ndipo kusiyanako kumakhala malikisi 30 kapena 40 mbali iliyonse. Choncho 1430 ndi 1450 ndi chinthu chimodzi, ndipo osankha ophunzira amadziwa zimenezi. Mwana amene wangolembetsanso, n'kumawerenga mmene ankawerengera kale, amabwera ndi 1410 kapena 1450, ndipo ndalama ija yapitadi pachabe monga akunenera amalume ake. Kulembanso kumapindula pokhapokha pali chinthu chodziwika, chotchulika dzina, chimene mwana ankachilephera mu Juni ndipo tsopano wachidziwa.

Kuti tichipeze chinthucho tiyenera kuona mmene gawo la Chingerezi linamangidwira. Kuyambira mu Malichi 2023, olemba SAT kunja kwa America amalemba pa kompyuta, pa pulogalamu yotchedwa Bluebook, ndipo mayeso onse amatenga maola awiri ndi mphindi 14, osawerengera mphindi 10 zopuma pakati. Gawo la Chingerezi lili ndi mafunso 54 oyankhidwa m'mphindi 64, ogawidwa m'zigawo ziwiri za mafunso 27. Mukawerengera, funso lililonse lili ndi masekondi 71 okha, ndipo lililonse limabwera ndi kandime kake koyenera kuwerengedwa kaye. Chigawo chachiwiri chimasintha malinga ndi mmene wolemba wachitira pa choyamba: wochita bwino amapatsidwa mafunso ovuta amene amatsegula njira ya malikisi apamwamba, pomwe wophonya ambiri amapatsidwa ofewerapo, amene denga lake ndi lotsika. Mafunsowo ndi a mitundu inayi. Pali ofunsa tanthauzo la mawu ndi kamangidwe ka ndime, pali ofunsa mfundo yaikulu ndi umboni wake, pali a galamala ndi zizindikiro za m'kalembedwe, ndipo pali ofunsa mawu olumikizira ziganizo ndi kusanja mfundo. Mitundu iwiri yomalizayi ndi pafupifupi theka la mafunso onse, ndipo ndiyo imene munthu angaiphunzire m'masabata asanu ndi limodzi, chifukwa malamulo ake ndi owerengeka ndipo amabwerezedwabwerezedwa. Mitundu iwiri yoyambayo imakula pang'onopang'ono, ndi zaka za kuwerenga mabuku, ndipo siifulumizika.

Chaka china ndinakhala pansi ndi mtsikana amene anali ndi vuto lofanana ndi la mwana wanu, masamu okwera koma Chingerezi chili m'ma 660. Iye ankati vuto lake ndi mawu ovuta, ndipo anali atadzaza kope lonse ndi mawu a Chingerezi ndi matanthauzo ake, kumaloweza usiku. Ndinamupempha kuti alembe mayeso oyeserera amodzi athunthu, kenaka tinatenga pepala, n'kulemba funso lililonse limene analakwa ndi chifukwa chake. Mafunso a mawu ovuta anali awiri okha. Ambiri anali a malo oika mpatuliro, mpumiro ndi semicolon, ena anali osankha pakati pa mawu olumikizira monga however ndi therefore, ndipo otsalawo anali a kumapeto kwenikweni, amene anangowalotera wotchi itatsala ndi mphindi ziwiri. Apa m'pamene tinaona chimene chinkamudya. M'chigawo chilichonse mafunso a ndime zolemera, za ndakatulo ndi za sayansi, amabwera koyambirira, pomwe a galamala, amene ndi achangu, amabwera chakumapeto. Iye ankathera nthawi yake pa ndime imodzi yovuta, n'kufika pa mafunso ofewa atatopa ndiponso nthawi itatha. Popeza Bluebook imalola kudumpha mafunso ndi kubwereranso mkati mwa chigawo chomwecho, anayamba kumayamba ndi a galamala n'kumabwerera ku ndime zolemera pambuyo pake. Kope la mawu lija analiika pambali. Malikisi ake a Chingerezi anadutsa 700 pa ulendo wachiwiri, ndipo palibe mawu atsopano ambiri amene anaphunzira.

Ndikupempha kuti mwana wanu achite zomwezo, ndipo inu mayi mungathandize ngakhale mutakhala kuti SAT simunaionepo. Ayambe ndi lipoti la mu Juni, limene likusonyeza mmene anachitira pa mtundu uliwonse wa mafunso. Ngati kufooka kwake kuli pa galamala ndi pa mawu olumikizira, mwayi wokwera ndi waukulu. Ngati mitundu imeneyi anaikhoza kale ndipo chomugwetsa ndi kumvetsa ndime, mwayiwo ndi wocheperapo. Aphunzire masabata atatu pogwiritsa ntchito maphunziro aulere a SAT a pa tsamba la pa intaneti la Khan Academy, amene anakonzedwa mogwirizana ndi College Board, kenaka alembe mayeso oyeserera athunthu a mu Bluebook kawiri, Loweruka awiri otsatizana, m'mawa, laputopu itachajidwa, foni yake ili m'manja mwanu, popanda kuimitsa wotchi kuti akamwe tiyi. Asankhe mayeso amene sanawalembepo, chifukwa obwereza amanama. Chingerezi chikafika pa 710 kapena kupitirira maulendo onse awiri, alembetse tsiku lomwelo. Chikakhala pa 680 kapena 690, ndiye kuti ndi kugwedezeka kuja, ndipo ndalamayo isungidwe. Zonsezi zithe Ogasiti asanathe, chifukwa malo olembera SAT m'dziko muno ndi ochepa ndipo mipando imatha tsiku lotsekera kalembera lisanafike. Amene alibe laputopu angathe kubwereka kwa College Board, koma pempho liyenera kupita kutatsala masiku osachepera 30 kuti mayeso alembedwe.

Za ndalama, amalume ake akunena zomveka, ndipo mwanayo awamvere mwaulemu. Kulembetsa SAT kunja kwa America kumadutsa madola 100, olipira ndi khadi, m'dziko limene kupeza ndalama zakunja ku banki ndi nkhondo. Kuwonjezera apo pali thiransipoti yopita kumalo olembera, mwinanso malo ogona. Ndipo mayesowa si mapeto a zolipira. Wofuna thandizo la ndalama amadzaza fomu yotchedwa CSS Profile, imene kawirikawiri imalipitsa pa yunivesite iliyonse imene yatumizidwa. Mayunivesite ena amafunanso mayeso a Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test, ngakhale ambiri amakhululukira ophunzira amene sekondale yonse anaiphunzira m'Chingerezi, ndipo ena amakhululukira amene apeza malikisi okwera pa gawo la Chingerezi la SAT, chimene ndi chifukwa china chokwezera gawo limeneli. Pali njira zochepetsera mtolowu. Mayunivesite ambiri amalola wofunsira malo kulemba yekha malikisi ake pa fomu, lipoti lovomerezeka n'kudzatumiza atatengedwa, ndipo ndalama yofunsira malo ambiri amaikhululukira banja likafotokoza kuti silingakwanitse. Mwana wanu awerenge tsamba la yunivesite iliyonse pa mfundo zimenezi asanalipire kalikonse. Dartmouth, mwachitsanzo, imalola ophunzira a m'masukulu a kunja kwa America kupereka zotsatira za A Level, za International Baccalaureate (IB) kapena za mayeso ena a dziko lawo m'malo mwa SAT, ndipo kulemba imelo yofunsa ngati MSCE ikulowa m'gulu limeneli sikulira ndalama.

Koma mtengo umene ndimauopa kwambiri ndi wa nthawi. Pakati pa Ogasiti ndi Januwale mwana wanu ayenera kulemba chimangirizo chachikulu cha Common Application (fomu imodzi yofunsira malo ku mayunivesite ambiri a ku America), cha mawu osapitirira 650, chimene chimafuna kulembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri chisanakhwime. Brown ndi Dartmouth zili ndi mafunso awoawo owonjezera, ndipo MIT siigwiritsa ntchito Common Application n'komwe, ili ndi fomu yakeyake ndi timafunso take. Pakufunikanso makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi awiri ndi kwa mkulu wa sukulu kapena womuimira, pamodzi ndi malikisi a ku sekondale kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Masukulu athu ambiri sanazolowere makalata oterewa, moti mphunzitsi amalemba mizere itatu yakuti mwanayu ndi wakhalidwe labwino ndiponso wolimbikira, zomwe sizithandiza kanthu, ndipo popeza mwana wanu anachoka pasukulupo chaka chatha, adzafunika kupitako ndi miyendo yake kangapo, kukakumbutsa aphunzitsiwo zimene ankachita m'kalasi ndi kuwathandiza kutsegula imelo imene yunivesite yatumiza.

Ndikukumbukira mnyamata wina wanzeru kwambiri amene anapeza 1490 pa ulendo woyamba. Anthu a m'gulu lake la pa WhatsApp anamuuza kuti wosafika 1550 asavutike n'kufunsira, choncho analembanso mu Okutobala n'kupeza 1500, analembanso mu Disembala n'kupeza 1480. Miyezi inayi yonseyo chimangirizo chake chinali ndime imodzi. Anachimaliza usiku wa pa 31 Disembala magetsi atazima, akulemba pa foni ya mlongo wake, ndipo mphunzitsi wa fizikisi amene ankayenera kutumiza kalata ya umboni anali atapita kumudzi kukadya Khirisimasi, kumene netiweki imapezeka pachulu. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Malikisi ake oyamba aja anali okwanira kale kuti fayilo yake iwerengedwe kulikonse, ndipo chimene owerengawo anapezamo chinali chimangirizo cha usiku umodzi. N'chifukwa chake ndikuti kamodzi kokha. Ulendo wachitatu ndimauvomereza pokhapokha mwana anadwala tsiku la mayeso kapena kompyuta inamuvuta. Ndipo maganizo osinthira ku mayeso ena olowera ku yunivesite otchedwa ACT, amene malikisi ake amalekeza pa 36, asabwere n'komwe pa nthawi ino, chifukwa kumeneko n'kuyamba munda watsopano mvula itagwa kale.

Okutobala ndi mwezi woyenera chifukwa zotsatira zimatuluka pakatha pafupifupi masabata awiri, zomwe zikupereka mpata wofunsira malo m'gulu loyambirira, limene ku mayunivesite atatuwa limatseka pa 1 Novembala. Adziwe kusiyana kwake: ku MIT gulu limeneli ndi Early Action, ndipo wotengedwa amakhalabe ndi ufulu wosankha kwina, pomwe ku Brown ndi ku Dartmouth ndi Early Decision, imene ndi lonjezo lakuti ukatengedwa upita kumeneko, ndipo ungalonjeze yunivesite imodzi yokha. Gulu lalikulu limatseka m'masiku oyambirira a Januwale, ndipo mayeso a mu Disembala ndiwo omaliza amene ambiri amawalandira.

Tsopano ndinene chimene mwina simunafunse koma n'chachikulu kuposa malikisi 50 amene tikukanganiranawa. Mayunivesite atatu amene mwana wanu watchula ndi abwino kwa banja ngati lanu pa chifukwa chimodzi: posankha ophunzira, ngakhale akunja, sayang'ana ngati banja lingathe kulipira, ndipo amene watengedwa amamupatsa thandizo lonse limene akufunikira. Mayunivesite otere ndi owerengeka, ndipo ena mwa iwo ndi Harvard, Yale, Princeton, Amherst ndi Bowdoin. Koma n'chifukwa chomwecho dziko lonse limathamangira kumeneko. Atatuwa amatenga anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi mwa 100 alionse ofunsira malo, ndipo ku MIT, mwa ofunsira ochokera kunja kwa America, otengedwa ndi pafupifupi awiri mwa 100. Chaka chilichonse amakana ana ambirimbiri a malikisi 1580. Ngakhale mwana wanu atafika pa 1500, mndandanda wa mayunivesite atatu okhawa ndi wangozi.

Chodabwitsa n'chakuti malikisi owonjezerawo angamuthandize kwambiri kwina osati ku atatuwa. Pali makoleji ang'onoang'ono abwino zedi amene amaphunzitsa uinjiniya ndipo amathandiza ophunzira akunja, monga Swarthmore, Lafayette, Union ndi Smith, imene ndi ya atsikana okhaokha. Amenewa amayang'ana kuchuluka kwa thandizo limene mwana wakunja akufuna, choncho amene akufuna thandizo lonse amayenera kuoneka bwino kwambiri pakati pa anzake, ndipo pamenepo 1480 kapena 1500 imamveka. Palinso mayunivesite ena a boma, monga University of Alabama, amene amasindikiza ndandanda yosonyeza kuti wofika pa malikisi akutiakuti alandira ndalama zakutizakuti. Kumeneko malikisi 20 angasinthe madola masauzande, ngakhale thandizo lotere kawirikawiri limakhudza fizi yokha, chakudya, malo ogona ndi ndege n'kutsalira banja. Kumbali inayo, mayunivesite a University of California sayang'ana SAT ngakhale mutatumiza, ndipo kwa mwana wakunja wofuna thandizo lonse kumeneko kulibe kwenikweni chomuyembekezera. Ku koleji imene kutumiza malikisi n'kodzifunira, langizo langa kwa mwana wochokera ku MSCE ndi lakuti 1430 aitumize ndithu. Owerenga ambiri kumeneko sadziwa kulemera kwa mapointsi 8, ndipo 760 ya masamu ndi chilankhulo chimene amachimva mosafuna womasulira.

Malo a ku yunivesite ya boma kuno kwathu, ngati anasankhidwa kapena akuyembekezera kusankhidwa, asawanyoze. Malamulo a viza ya ophunzira ochokera m'mayiko athu akhala akusinthasintha, ndipo musanatulutse ndalama ina iliyonse ndi bwino kufunsa mmene zinthu zilili pakali pano ku ofesi ya EducationUSA, ya ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, kumene uphungu ndi waulere. Afunsenso kumeneko za kulembetsa ku yunivesite ya kuno, pakuti mayunivesite ambiri a ku America munthu amene wayamba kale maphunziro a digiri kwina amamuwerenga ngati wosamuka osati woyamba kumene, ndipo thandizo la ndalama kwa osamuka ochokera kunja ndi lochepa kwambiri. Nkhani imeneyi ikufunika kuti banja likhale pansi lisanasankhe.

Kwa amalume ake, ndikanakonda kuti mwanayo asapite ndi mawu okha. Apite ndi pepala lolembapo malikisi a mu Juni, manambala a pa C9 a mayunivesite amene akuwafuna, ndi zotsatira za mayeso oyeserera awiri aja, aliwonse ndi tsiku lake. Ngati Chingerezi chafika pa 710, awapemphe ndalamayo ndi lonjezo lakuti ndi ulendo womaliza, ndipo polembetsa aonetsetse kuti dzina lili ndendende monga lilili pa chiphaso chimene adzaonetse pakhomo la chipinda cha mayeso, pakuti kusiyana kwa dzina kwabweza ana ena pakhomo ndalama atalipira kale. Ngati Chingerezi sichinasunthe, awauze yekha kuti anali olondola, ndipo awapemphe kuti madola omwewo awasungire CSS Profile ndi pasipoti.